DISIKI YA MABULEKI: TIGULE YA WOPANGA GALIMOTO KAPENA YA KAMPANI INA?

Lero tikamba za citsulo cimodzi ca galimoto cimene eni magalimoto ambiri sanacionepo, popeza cimabisala kuseri kwa gudumu, koma ndico cimasunga moyo wa onse okwera. Citsulo cimeneci ndi disiki ya mabuleki.

Masiku ano anthu ambiri a pa nchito ali ndi magalimoto aoao, ndipo oculuka a magalimoto amenewa anacokera ku Japan atayendako kale zaka zingapo, nafika kuno kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ena ku Durban kapena ku Walvis Bay. Galimoto yotere siicedwa kufuna masipeya. Tsiku lina makanika adzakuuzani kuti madisiki atha, ndipo mukapita ku sitolo wogulitsa adzakuyalirani mabokosi atatu, nadzati, "Iyi ndi orijino, iyi ndi ya kampani ina, ndipo iyi ndi yochipa." Mitengo idzasiyana kutali, koma zitsulozo m'maso mwanu zidzaoneka zofanana. Nanga mudzatenga iti?

Mau amene tifuna kuti muwasunge ndi awa: disiki yoyenera kugula ndiyo imene mudziwa amene anaipanga, ndi imene miyeso yace iri yolingana ndi galimoto yanu. Ikakhala nazo ziwirizi idzakutumikirani bwino, kaya iri m'bokosi la wopanga galimoto kaya la kampani ina. Ikasowa cimodzi ca izi, isiyeni, ngakhale mtengo wace ukome cotani. Tiyeni tsono tione cifukwa cace.

NCHITO YA DISIKI

Disiki ndi citsulo conga mbale, comangidwa pamodzi ndi gudumu, ndipo gudumu likamazungulira ico cimazungulira nalo. Uku ndi uku kwa mbaleyo kuli mapadi awiri, ogwiridwa ndi cipangizo cochedwa kalipa, cimene cimapana monga mbaniro ya wosula zitsulo. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha kalipa, mapadi amafinya disiki, ndipo gudumu limaleka kuthamanga.

Koma liwiro la galimoto silingozimirira cabe. Makolo athu anali kupeka moto ndi timitengo tiwiri, cifukwa zinthu ziwiri zikakhulana zimatentha. Momwemonso mapadi akakhula disiki, mphamvu yonse ya liwiro imasanduka kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 imene iri kuthamanga makilomita 100 pa ola, poimitsidwa imapatsa mabuleki ace kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira pafupifupi lita imodzi ndi theka. Pa mbaula madzi otere mumawadikira kanthawi, koma mabuleki amalandira moto wonsewo m'masekondi atatu kapena anai. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanai. Gawo lalikulu limagwera madisiki a kutsogolo, pakuti galimoto poima kulemera kwace kumatsamira kutsogolo. Cotero nchito yaikulu ya disiki ndiyo kumeza kutentha ndi kukutaya msanga mumphepo, osang'aluka ndi osakhota.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Frederick Lanchester wa ku Birmingham analembetsa buleki ya disiki mu 1902, koma inachuka mu 1953, pamene galimoto ya Jaguar yokhala ndi madisiki a Dunlop inapambana mpikisano wa Le Mans ku France. Mu 1955 Citroën DS inatuluka ndi madisiki kutsogolo, ndipo makampani ena anatsatira, ataona kuti disiki, pokhala pa mphepo, imazizira msanga koposa buleki ya dramu imene iri yotsekeka.

Madisiki ambiri amaumbidwa ndi citsulo cosungunula, ca mtundu umodzi ndi ca miphika ija ya miyendo itatu. M'kati mwace muli kaboni woposa pang'ono magawo 3 pa 100, ndipo kaboni ameneyu ndiye amathandiza citsulo kuyendetsa kutentha ndi kucepetsa phokoso. Inu a ku ng'anjo mudziwa bwino kuti ubwino wa citsulo sauona ndi maso. Mkuwa wa giredi A uyenera kuyera kufika magawo 99.99 pa 100, ndipo amene amanena kuti wafikadi ndi a ku labotale atauyesa. Madisikinso ali comweco: awiri angafanane kunja, koma zosakaniza za m'kati n'kusiyana.

Disiki ya kutsogolo kawirikawiri iri ndi mbale ziwiri zolumikizidwa ndi nthiti, ndipo pakati pa nthitizo pali mipata. Ikamazungulira imakoka mphepo kupyola m'mipatamo ndi kudziziziritsa yokha. Kukhuthala kwa mbalezo ndi ciwerengero ca nthitizo akatswiri anaziwerengera molingana ndi kulemera ndi liwiro la galimotoyo.

KODI YATHADI?

Musanatulutse ndalama, tsimikizani kuti disiki yathadi. Pemphani makanika acotse gudumu inu muli pomwepo. Disiki yotha imakhala ndi mlomo wotukuka m'mphepete, pamene mapadi safika, kapena mizere yakuya imene cikhadabo cimakodwamo, kapena mawanga obiriwira a citsulo cimene cinapsa. Mukaona mng'alu, ngakhale waung'ono, galimoto isayendenso mpaka disiki itasinthidwa. Koma ngati nkhope yace iri yosalala ndipo kukhuthala kukali kokwanira, mapadi atsopano okha angakwanire.

MITUNDU INAI YA PA MSIKA

Mtundu woyamba ndi umene anthu amaucha orijino, wa m'bokosi la wopanga galimoto, monga Toyota, Nissan kapena Isuzu, wopezeka kwa ogulitsa obvomerezedwa ndi kampaniyo. Disiki imeneyi ndi yofanana ndi imene galimoto inatuluka nayo m'fakitale. Mtengo wace ndi wokwera, ndipo cimene mulipira pamwambapo ndi mtendere wa mumtima, cifukwa simukaikanso za miyeso kapena za citsulo.

Komatu dziwani kuti opanga magalimoto sapanga okha cipangizo ciri conse. Zambiri za mabuleki amaoda kwa makampani a nchito imeneyo: ku Japan kuli Akebono ndi Advics, ku Germany kuli Bosch ndi ATE, ndipo ku Italy kuli Brembo, imene inayamba mu 1961 pafupi ndi mzinda wa Bergamo. Makampani omwewa amagulitsanso masipeya m'mabokosi a maina ao. Umenewu ndiwo mtundu waciwiri, umene m'Cingerezi amaucha aftermarket, ndiko kuti sipeya yopangidwa ndi kampani ina kuti ilowe m'malo mwa yoyamba ija. Disiki ya kampani yodziwika imapangidwa potsata miyeso ya orijino ndipo imayesedwa, koma mtengo wace kawirikawiri ndi wotsikirapo.

Maiko a ku Ulaya amatsata lamulo la United Nations lochedwa ECE R90, lonena kuti sipeya ya mabuleki yolowa m'malo iyesedwe ndi kubvomerezedwa isanagulitsidwe. Poyamba linali la mapadi, koma kuyambira November 2016 likhudzanso madisiki a magalimoto ang'ono a mitundu yatsopano. Disiki yobvomerezedwa imakhala ndi cizindikiro ca E ndi nambala yoyamba ndi 90R. Mukaciona ndi umboni wabwino. Koma pa galimoto imene inapangidwira msika wa ku Japan mungapeze disiki yabwino yopanda cizindikiroci, popeza siinapangidwire msika wa ku Ulaya.

Mtundu wacitatu ndi wa madisiki opanda dzina, pamodzi ndi abale ao onyenga amene a m'tauni amawacha gong'a. Yopanda dzina imabwera m'bokosi losachula kampani kapena dziko limene inacokera. Ya gong'a ndiyo yoipa koposa, pakuti imabvala bokosi ndi cizindikiro ca kampani yochuka pamene m'kati muli cina. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono mukamva wogulitsa ali kunena kuti ali ndi orijino pa mtengo wocepa koposa wa kampani ina, cenjerani. Mau akuti orijino ali yense angathe kuwachula.

Mtundu wacinai ndi wa madisiki ocotsedwa ku magalimoto ophwasulidwa. Ambiri a iwo ndi orijino ndithu, koma anadyeka kale, ndipo palibe angakuuzeni moto umene anauona kapena ngozi imene inaphwanya galimotoyo. Citseko kapena nyali yogwirapo kale nchito mungagule osaopa. Koma disiki yotere iyenera kuyesedwa kukhuthala ndi kufunidwa ming'alu, ndipo ngati palibe coyesera, musagule.

KUMENE YOCHIPA IMACEPETSERA MTENGO

Wina angafunse kuti, "Kodi citsulo si citsulo? Cimene cicititsa kuti ina ichipe n'ciani?" Njira ziripo zinai. Yoyamba ndi kumana citsulo: mbale ziwiri zija amazipanga zopyapyala nakuza mpata wa pakati, kotero kuti mukayesa kunja kukhuthala kuli komweko, koma disiki ndi yopepuka. Yaciwiri ndi kucepetsa nthiti. Yacitatu ndi kusungunula zitsulo zakale ziri zonse osayesa zosakaniza, ndipo citsulo cotere cimakhala ndi malo ena olimba ndi ena ofewa, kapena timaenje tobisika. Yacinai ndi kusema mosasamala pa makina, kotero kuti disiki imagwedezeka pozungulira.

Taonani tsono cimene cimacitika. Kapoto kakang'ono kamawira msanga koposa mphika waukulu pa moto umodzimodzi, ndipo disiki yopepuka imatentha msanga koposa yolemera. M'miseu ya m'tauni, kucoka ku Chimwemwe kupita ku nchito kapena kucoka ku Matero kulowa m'kati mwa Lusaka, simudzaona kusiyana, cifukwa mabuleki amapeza nthawi yozizira. Kusiyana kumaonekera pa matsitso atali. Ambiri a inu pa chuti mumapita kwanu kum'mawa, ku Petauke, Katete, Chipata kapena Lundazi, ndipo mudziwa mapiri ndi makhota a Manenekela pa Great East Road musanafike pa mlatho wa Luangwa. Ena mudziwa matsitso a ku Chirundu ndi mapiri a Munali. Galimoto yodzaza ndi banja ndi katundu ikamatsika malo otere, woyendetsa ali cipondere buleki, kutentha kumaunjikana. Mapadi akatentha kopitirira muyeso amaleka kugwira bwino, ndipo woyendetsa amaponda ndi mphamvu koma galimoto siimva.

Kutenthako kukafika ku mafuta a mabuleki, mafutawo amawira, ndipo buleki imangomira pansi. Mafuta atsopano a DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205, ndi a DOT 4 madigiri 230. Koma mafuta amenewa amamwa cinyezi, ndipo akakalamba malirewo angatsike kufika madigiri 140 ndi 155. Disiki yopepuka ikakumana ndi mafuta akale pa phiri, ngozi iri pafupi. Ndalama zimene munapulumutsa ku sitolo sizingakwanire ngakhale kukokera galimoto kunyumba. Nanga moyo wa ana anu mudzaugula ndi ciani?

NDANI AGULE ITI

Ngati galimoto yanu ndi yatsopano ndipo ikali pa cipangano ca waranti, gulani orijino kwa ogulitsa obvomerezedwa, kuti pasadzakhale mkangano cinthu cikaonongeka. Citani comweco ngati galimoto ndi ya mtundu wosowa kuno, umene masipeya ace a makampani odziwika sapezeka, kapena ngati simudziwa sitolo yokhulupirika. Amene amanyamula anthu pa minibasi ndi pa takisi, ndi amene amanyamula katundu wolemera pa Hilux kapena Land Cruiser, asayese konse za yochipa. Agule orijino kapena ya kampani yodziwika, pakuti mabuleki ao sapuma.

Koma ngati muli ndi Corolla, Vitz, Spacio kapena Allion ya zaka khumi kapena kuposa, disiki ya kampani yodziwika, yogulidwa ku sitolo yokhulupirika, ndi yokwanira ndithu. Ndalama zotsalazo mugulire mapadi abwino ndi mafuta atsopano a mabuleki. Aliponso madisiki obooledwa ndi a mizere amene acinyamata amawasirira. Nzeru yace inacokera ku magalimoto a mpikisano. Pa miseu yathu ya fumbi ndi matope phindu lao n'locepa, ndipo ochipa a mtundu umenewu amang'aluka kuyambira pa ziboo zomwezo.

ZOYENERA KUONA MUSANALIPIRE

Safunsa anadya phula. Coyamba, pitani ku sitolo ndi nambala ya chasisi, imene iri pa kacitsulo ka pa galimoto ndi m'buku lace. Dzina lakuti Corolla lokha silikwanira, pakuti pali mitundu yambiri, monga AE110, NZE121 ndi NZE141, ndipo zilembo zimenezi ndizo zimatsogolera wogulitsa ku sipeya yoyenera.

Caciwiri, tengani disiki yakale ndi kuiika pambali pa yatsopano. Yerekezani kukula, msinkhu wa cipewa ca pakati, ciboo ca pakati ndi ziboo za mabauti, ndipo werengani nthiti. Kenaka ziikeni zonse ziwiri pa sikelo. Ngati yakaleyo inali orijino ndipo yadyeka kale, koma yatsopano n'kupepuka koposa iyo, mwadziwa kuti citsulo anacimana.

Cacitatu, funani zolembedwa pa citsulo ceniceni. Disiki yabwino imakhala ndi dzina kapena cizindikiro ca wopanga, nambala yace, ndi zilembo zakuti MIN TH zotsatana ndi nambala. Zilembozi zinena malire a kudyeka, ndipo pa magalimoto ang'ono ambiri malirewo ali pafupifupi mamilimita 2 pansi pa kukhuthala kwa disiki yatsopano. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti cingwe ca cikepe cimayesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo cimacotsedwa cikafika pa malire ace, osadikira kuti ciduke. Disiki nayo ikafika pa MIN TH yatha, ngakhale ioneke yosalala. Kusema disiki yakale pa makina, kumene amakanika amati kusikima, n'kololedwa pokhapo ngati idzatsala pamwamba pa malirewo.

Cacinai, landirani lisiti lolembedwa dzina la sitolo, dzina la kampani yopanga ndi nambala ya sipeya. Wogulitsa wokana kulemba zimenezi wakuuzani kale mtundu wa katundu wace. Mukanyengedwa, lisiti ndilo umboni wanu ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe la Boma limene limamva madandaulo a ogula potsata lamulo la 2010.

KUMANGA BWINO

Disiki yabwino ingaonongeke m'manja mwa mmisiri waulesi. Madisiki asinthidwe awiri pamodzi, kumanja ndi kumanzere, ndipo alandire mapadi atsopano. Mukasintha mbali imodzi galimoto ingakokere kumbali poima. Pamalo pamene disiki imakhala papalidwe dzimbiri lonse mpaka pawale, ndipo mafuta oteteza dzimbiri amene ali pa disiki yatsopano apukutidwe. Pa magalimoto ang'ono ambiri kugwedezeka kololedwa kuli pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10, ndiko kuti ngati kukhuthala kwa tsitsi limodzi, cotero kacidutswa ka dzimbiri n'kokwanira kupyola muyeso umenewu. Manati a gudumu amangidwe moyang'anizana, osati motsatana, ndi sipanala yoyesa mphamvu. Makanika asadumphire pa sipanala ndi phazi. Ciongolero cikamanjenjemera poponda buleki anthu amati disiki yapindika, koma kawirikawiri cifukwa cace n'cakuti inamangidwa mopendekeka, nidyeka mosalingana, pena yokhuthala pena yopyapyala. Pamenepo mlandu ndi wa womanga, ndipo ngakhale orijino imatero.

Mukamanga zatsopano, pa makilomita 200 kapena 300 oyamba pondani buleki mofatsa, kuti mapadi ndi disiki zizolowerane. Potsika phiri lowetsani giya yaciwiri kapena yacitatu kuti injini ithandize, ndipo a magalimoto a otomatiki aike pa 2 kapena pa L. Musathire madzi pa disiki yotentha. Mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri ziri zonse. Cikalata ca fitinesi ca RTSA cicitira umboni kuti mabuleki anagwira pa tsiku loyesedwa. Masiku ena onse woyang'anira ndinu.

Tsono abale, mwamva. Orijino ndi yabwino, ndipo amene angathe kuigula sadzadandaula. Ya kampani yodziwika ndi yabwinonso, yokwanira magalimoto ambiri a pakati pathu. Imene muyenera kuikana ndi yopanda mwini, imene palibe afuna kulembapo dzina lace. Ndalama zikacepa mwezi uno, n'kwabwino kuti galimoto igone pa bwalo kufikira tsiku la malipiro, inu muyambe mwayenda pa basi. Uzaniko anzanu a pa nchito amene sanamve nkhani iyi. Tsalani bwino nonse, ndipo muyende bwino pa mseu.